Kodi Kuchira Ndiko Kubwerera?

Pali mawu amene tiwanena kawirikawiri osawalingalira, ndipo amodzi a iwo ndiwo akuti "wachira." Munthu akadzuka pamphasa pamene malungo anamgoneka, tinena kuti wachira, mwana akaleka kutsokomola, tinena kuti wachira, ndipo pa nthenda zotere mawuwo alibe chovuta, pakuti munthuyo wakhalanso monga analili kale. Koma zilipo zowawa zina zimene sizimbwezera munthu pamalo pamene zinamtenga, ndipo pa izo mawu aja ayamba kutsimphina. Mwezi uno ndifuna kuti tilingalire pamodzi, owerenga anga, za anyamata awiri a ku Australia amene anathyoka miyendo pa masewera otchedwa rugby league. Wina anabwerera pabwalo, anthu namuombera m'manja, winayo sanabwerere. Funso langa ndi ili: mwa awiriwa, wochira ndani?

Poyamba ndiyenera kufotokoza masewerawo, popeza ambiri a ife tidziwa mpira wa miyendo wokha. Mpira wa rugby league suli wobulungira, uli ngati dzira lalikulu, ndipo aunyamula m'manja. Mbali iliyonse ili ndi amuna 13, nasewera mphindi 80. Wogwira mpira athamanga nawo kuti akaugunditse pansi kuseri kwa mzere wa adani ake, ndipo adaniwo aloledwa kumgwira ndi kumgwetsa ndi mphamvu yawo yonse. Gulu likagwetsedwa kasanu ndi kamodzi lisanagoletse, mpira upita kwa enawo. Tsono lingalirani amuna olemera makilogalamu 100 kapena kupambana, alikuthamanga nagundana chifuwa ndi chifuwa, opanda chishango kapena chisoti cholimba. Simudzazizwa pakumva kuti mafupa athyoka.

Masewerawa anabadwa ndi mkangano wa za thukuta la munthu wantchito. M'chaka cha 1895, m'mzinda wa Huddersfield kumpoto kwa England, magulu a kuderalo anapatukana ndi akuluakulu a rugby, chifukwa osewera awo ambiri anali okumba malasha ndi ogwira ntchito m'nyumba zoomba nsalu, amene anali kutaya malipiro awo popita kukasewera, ndipo akuluakuluwo anakana kuti abwezeredwe kanthu. Ku Australia nako, chimodzi cha zinthu zimene zinautsa mitima chinali kuvulala kwa Alec Burdon m'chaka cha 1907: anapweteka phewa posewera, nakhala wosagwira ntchito, wopanda womlipira, ndipo m'chaka chotsatira, 1908, mpikisano watsopano wa rugby league unayamba ku Sydney. Ndatchula mbiri iyi chifukwa isonyeza kuti kuyambira pachiyambi panali funso lakuti, thupi la wosewera lili la yani, ndipo likathyoka asenza katunduyo ndani? Za ndalama anazikonza kalekale, pakuti wosewera wamkulu akavulala gulu lake limlipira ndi kumsamala. Koma funsolo lili ndi mbali ina imene ndalama siifika.

Woyamba wa anyamata athu ndiye Ryan Papenhuyzen, wobadwira ku Sydney m'chaka cha 1998, amene anasewera m'gulu la Melbourne Storm. Pakati pa zimphona zija iye anali wochepa thupi, koma anali ndi liwiro la gwape, ndipo malo ake anali kumbuyo kwa anzake onse, kumene munthu alandira mipira yokankhidwira m'mwamba nathamanga nayo. Pa 25 October 2020, pa masewera otsiriza a chaka a mpikisano waukulu wa NRL, gulu lake linagonjetsa Penrith Panthers ndi 26 kwa 20, ndipo iye analandira Clive Churchill Medal, ndiyo mendulo imene ipatsidwa kwa wosewera wopambana onse pa tsikulo. Anali wa zaka 22. Zisanathe zaka ziwiri, pa 17 July 2022, posewera ndi Canberra Raiders, anagundana ndi mdani wothamanga, ndipo kafupa kaja kokhala pamaso pa bondo kanasweka monga phale, zidutswa 10.

Kafupa kameneka tikapeputsa chifukwa n'kakang'ono, koma Mlengi sanakaike pamenepo pachabe. Minofu yaikulu ya kutsogolo kwa ntchafu itsikira pa iko, ndipo kuchokera pa iko mtsempha wolimba upita kukagwira fupa la msongolo. Tsono munthu akafuna kuongola mwendo, mphamvu yonse ya ntchafu ipyola pamenepo, monga chingwe cha pachitsime chipyola pa kagudumu. Kakasweka, ngakhale kukwera khwerero limodzi kukanika. Madokotala asonkhanitsa zidutswazo nazimanga ndi waya kapena timisomali tachitsulo, koma ntchito yawo ilekera pa kuika mafupa m'malo mwake. Kulumikiza kwenikweni sikuli m'manja mwawo. Poyamba magazi aundana pamalo pothyokapo. Pambuyo pake pamera kanthu kofewa kogwirizanitsa mbali zonse. Iko kauma pang'onopang'ono kufikira kasanduka fupa. Ndipo kwa miyezi yambiri fupa latsopanolo likhala lilikudzikonza lokha mumdima, mwini wake osaona kanthu.

Apa ndipo pagona chovuta. Mwendo ukakhala chigonere, minofu ifota msanga, kotero kuti m'masabata owerengeka ntchafu ya munthu wamphamvu yaonda ngati ya nkhalamba, ndi bondo louma losafuna kupinda. Ndiponso fupa lenilenilo lifuna katundu. Sing'anga wa ku Berlin, Julius Wolff, analemba m'chaka cha 1892 kuti fupa lidzimanga molingana ndi kulemera kumene lisenza, ndipo losasenza kanthu lifooka. Koma ukaulemetsa mwendowo nthawi isanakwane, zomangidwa zija zimasuka, ntchito yonse niyambanso pachiyambi. Chotero wodwalayo ayenda pakanjira kopapatiza pakati pa maenje awiri, la mantha ndi la changu. Ndiyesa kuti kwa mnyamata wa masewera dzenje loopsa ndi lachiwirilo. Moyo wake wonse anamphunzitsa kuti chowawa achigonjetsa pochinyalanyaza ndi kuthamangabe. Tsopano auzidwa kuti lero apinde bondo pang'ono chabe, mawa aonjezepo kachidutswa, ndipo asapitirire pamenepo ngakhale mtima ufune. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha kumene kufunika pano sikuli kukhala chete kokha, kuli kugwira ntchito yotopetsa tsiku ndi tsiku ndi kuileka pa muyeso wake.

Bondo la Papenhuyzen linachedwa kulola. Kuchiyambi kwa chaka cha 2023 anawoloka nyanja kunka ku Philadelphia, ku America, kwa Bill Knowles, mphunzitsi wodziwika pa kuutsa matupi a osewera ovulala, kukaphunziranso kuyenda, kulumpha ndi kutembenuka. Mpikisano wa chakacho unayamba iye palibe, nufika pakati iye palibe. Amene anagonapo m'chipatala adziwa kuti masiku oyamba odzazonda achuluka, koma mwezi wachitatu mpando wa pambali pa kama ukhala wopanda munthu, si chifukwa cha kuipa mtima kwa abale, koma chifukwa moyo uli nazo ntchito zake. Kwa wosewera kuli koposa, pakuti aona ndi maso ake wina atavala malaya a malo ake, ndi gulu lilikupambana popanda iye. M'mwezi wa August anasewera m'gulu laling'ono la Sunshine Coast Falcons kuti ayese mwendowo, ndipo pa 26 August 2023 analowanso m'bwalo la NRL ku Melbourne, posewera ndi Gold Coast Titans. Kuyambira tsiku la kuthyoka kufikira tsikulo anapita masiku 405.

Tsono tamverani chotsatira. Pa 8 September, atapita masiku 13 okha, pa masewera ake achitatu chibwererere, ku Brisbane, mnzake wa gulu lomwelo, munthu wamkulu thupi, anagwera pa mwendo wake pamene anali kugwetsa mdani, ndipo kakolo anathyoka. Anamtulutsa pabwalo atamnyamula, gulu lake niligonja ndi 26 kwa 0. Masiku 405 a kulimbika anagula masiku 13. Munthu wowerengera monga awerengera wamalonda adzati malonda amenewo anali otayitsa, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri usiku umenewo anatero mumtima. Tisunge funso ili, tidzabwerako.

Anachitidwanso opaleshoni, nayambanso kanjira kaja. M'mwezi wa March 2024 anali pabwalo. M'mwezi wa May fupa la mwendo linang'alukanso pang'ono, napuma masabata angapo. Koma pa 6 October anasewera masewera otsiriza a chaka, amene Penrith anapambana ndi 14 kwa 6. M'mwezi wa May 2025, tsiku limene Melbourne inagonjetsa Wests Tigers ndi 64 kwa 0, iye yekha anapeza mapointi 36. Za munthu wotere palibe wokayika. Onse anena ndi pakamwa pamodzi kuti wachira, namtcha chitsanzo cha kulimba mtima; ndipo ine sinditsutsa, pakuti ulemuwo aulandira moyenera.

Wachiwiri ndiye Jharal Yow Yeh, wobadwa m'chaka cha 1989, mmodzi wa ana a eni dziko la Australia, amene anasewera kumphepete kwa bwalo m'gulu la Brisbane Broncos, gulu lomwe lija limene Papenhuyzen anathyokera kakolo posewera nalo. M'chaka cha 2011 dzina lake linakwera msanga ngati moto wa lupsa: anasankhidwa kusewera m'gulu la dziko lonse la Australia, naseweranso masewera onse atatu a Queensland polimbana ndi New South Wales, pa mpikisano wotchedwa State of Origin, umene anthu a kumeneko aulemekeza koposa. M'mwezi wa March 2012, ku Perth, posewera ndi South Sydney, analumphira mpira wa m'mwamba natera moipa, ndipo mwendo unathyoka pa kakolo, fupa nilibowola khungu. Anali wa zaka 22, msinkhu womwewo umene mnzakeyo analandirira mendulo. Anachitidwa maopaleshoni ambiri. Analimbika zaka ziwiri, ndipo m'chaka cha 2013 anafika posewera m'gulu laling'ono la Norths Devils. Koma mwendowo sunabwezenso liwiro limene bwalo lalikulu lifuna. M'mwezi wa March 2014, ali wa zaka 24, analengeza kuti waleka.

Nanga kusiyana kwa awiriwa kuli pati? Ambiri ayankha mofulumira kuti kuli mumtima, ndipo olemba nkhani akonda yankho limenelo chifukwa likoma kuwerenga. Ine ndiliyesa bodza, ndiponso bodza lankhanza. Kusiyanako kuli m'bala. Fupa lothyokera m'kati, khungu lili lotseka, lili ndi njira yake. Koma likabowola khungu, dothi ndi tizilombo tilowa, minofu ndi mitsempha ya magazi ing'ambika, ndipo madokotala ayamba ndi kupulumutsa mwendo wenicheniwo asanaganize za kuthamanga. Ndiponso m'mfundo monga kakolo, nsonga za mafupa zakutidwa ndi chichereŵechere chosalala chimene chilibe mitsempha ya magazi, ndipo chikaonongeka sichimeranso monga fupa limera. Palibe kulimba mtima kumene kungameretse icho. Munthu atha kudzuka mbandakucha zaka ziwiri, kuchita zonse anamuuza, osaphonya tsiku, ndipo mfundoyo nikanabe.

Taonani tsono chimene tichita ponena kuti wobwererayo anabwerera chifukwa cha mtima wake. Tanena pamodzi, ngakhale osafuna, kuti wosabwererayo anaperewera mtima. Tamsenzetsa mlandu pamwamba pa bala. Kulakwa kumeneku n'kwakale. Ndiko kwa mabwenzi a Yobu, amene poona tsoka anafunafuna tchimo lolibala. Ndipo tisayese kuti kuli kutali ndi ife, pakuti ndamva ndi makutu anga odwala alikuuzidwa pambali pa mphasa yawo kuti akadakhala nacho chikhulupiriro akadadzuka. Wonena mawuwo ayesa kuti alimbikitsa, koma atachoka iye, wodwalayo atsala ndi nthenda ziwiri, ya thupi ndi ya kudzitsutsa. Ngati kupirira kuli ukoma, ndiye kuti kuli ukoma pa tsiku limene munthu akuchita, asanadziwe kutha kwake. Pa tsiku la 200 la kudwala kwawo, anyamata awiriwa anali ofanana ndithu: aliyense anali m'chipinda cholimbitsira thupi, alikupinda mwendo wowawa, wosadziwa ngati adzathamanganso. Chimene chinachitika pambuyo pake sichingabwerere m'mbuyo kukasandutsa ntchito ya wina golidi ndi ya wina mankhusu.

Chifukwa ninji tsono tiyesa kuchira ndi muyeso wa kubwerera? Ndiyesa kuti n'chifukwa chakuti ife ndife openyerera, ndipo wopenyerera aona munthu pokhapo ali pabwalo. Masewerawa ali ndi nkhani zake zimene makolo auza ana. Clive Churchill, mwini dzina la mendulo ija, anathyoka mkono m'chaka cha 1955 posewera ndi Manly, anaumanga ndi chikatoni, nasewerabe kufikira anamenya mpira wopambanitsa gulu lake. Sam Burgess, Mngelezi wa gulu la South Sydney, anathyoka fupa la tsaya pa kugundana koyambirira kwa masewera otsiriza a 2014, nasewera mphindi zonse, nalandira mendulo yomweyo. Sindikana kuti nkhani izi zitenthetsa magazi, ndi anga omwe. Koma mnyamata wokula nazo aphunzira kuti thupi lake ndi nsembe yoyenera kuperekedwa kwa khamu, ndi kuti mwamuna ndiye wosamvera chowawa. Khamulo likakondwa lipita kwawo kukagona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo wosewerayo pofika zaka 50, pamene dzina lake laiwalika, ndiye adzatsika pakama m'mawa wozizira ndi bondo limenelo. Pamene tifuula kuti wachira, kawirikawiri tanthauzo lake n'lakuti watibwezera chokondweretsa chathu.

Kapena wina adzati, "Ngati kuli tero, aphunzitsi, kodi sikupusa kubwerera ku chinthu chimene chinakuthyola kawiri? Kodi sikuyesa Mulungu?" Funso ili ndalisinkhasinkha nthawi, ndipo yankho langa n'lakuti iyayi, sikupusa mwa iko kokha. Msodzi amene bwato linamgudubukira abwerera kunyanja, wokumba miyala amene mgodi unamgwera atsikanso pansi, ndipo sitiwatcha opusa, pakuti ndiyo ntchito yawo, ndimo muli chakudya cha ana awo ndi luso limene anapatsidwa. Liwiro nalo ndi mphatso, ndipo nyengo yake njaifupi. Wolikwirira pansi chifukwa cha mantha sachita bwino kupambana wolitaya mosasamala. Koma pali kubwerera kuwiri kumene kuoneka kofanana kunja. Wina abwerera chifukwa akonda ntchitoyo, atamva uphungu wa madokotala, atawerengera mtengo wake, ndipo akadauzidwa kuti n'kosatheka akadalira nakhalabe munthu. Wina abwerera chifukwa popanda bwalolo sadziwa kuti iye ndani. Mfuu ya khamu ndiyo mpweya wake, ndipo adzabisa chowawa, nadzanamiza womsamala, kuti angomvanso dzina lake lilikutchulidwa. Woyambayo mwendo ndi wake. Wachiwiriyo, angakhale athamange kupambana kale, mwendo wake uli wa eni, ndipo ine sindingamtche wochira. Za mumtima mwa munthu sitingaweruze tili kutali. Koma aliyense atha kudzifunsa yekha za bwalo lake, likhale la masewera, la malonda, kapena la guwa la m'tchalitchi.

Wina adzatsutsa kuchokera mbali inayo, nati, "Mukachotsa mphotho mwachotsa ndi khama lomwe. Ndani adzapirira masiku 405 ngati simumlonjeza kuti adzabwerera?" Mawu awa ali ndi mphamvu, ndipo sindifuna kuwapeputsa. Chiyembekezo ndicho chidzutsa wodwala m'mawa, ndipo womlanda icho amchitira choipa. Koma kuyembekeza ndi kulonjezedwa n'zosiyana. Mlimi aliyense alima ndi chiyembekezo, palibe mmodzi amene analonjezedwa mvula. Ndipo chaka cha chilala sitinena kuti wolima uja anali waulesi, kapena kuti chaka chamawa asagwire khasu. Tsono tibwere ku funso tinasunga lija, la masiku 405 amene anagula masiku 13. Kuwerengera kumeneko kulakwa chifukwa kuyesa kuti chogulidwa chinali masewera okha. Koma bondo limene linamangidwa m'masiku amenewo silinathe pa 8 September. Ndilo limene linamnyamula zaka ziwiri zotsatira, ndilo adzayenda nalo ukalamba wake. Ndipo munthu amene anaphunzira kanjira kopapatiza kaja kamodzi sanakayambe kachiwiri ngati mlendo. Momwemonso zaka ziwiri za Yow Yeh sizinampatse bwalo, koma zinampatsa mwendo woimapo ndi kuyendapo, umene usiku uja ku Perth unali wophwanyika. Ndipo zinampatsa ufulu wakuleka wosadzifunsa moyo wake wonse kuti, ndikadayesa kodi sindikadatha?

Pano ndiyenera kudziulula ndekha, pakuti mlanduwu ndili nawo. Zaka zambiri ndaimirira pamaso pa ana tsiku lotsekera sukulu ndi kuitana maina a opambana mayeso, ndi kuwauza enawo kuti atsanzire khama lawo. Koma ndidziwa bwino kuti pa benchi lakumbuyo panakhala ana ena amene anayenda mtunda wautali ndi njala, nawerenga pa nyali yofuka kupambana opambanawo, ndipo maina awo sindinawaitane. Ndinalibe mphatso yowapatsa, pakuti mphatso zinali za malikisi. Koma mawu ndinali nawo, ndipo ndinawamana.

Malembo satiphunzitsa kuti kuchira ndiko kufafaniza. Yakobo analimbana usiku wonse pa dooko la Yaboki, nalandira dalitso ndi dzina latsopano, koma dzuwa linamtulukira alikutsimphina ndi ntchafu yake. Dalitso ndi kutsimphina anachoka nazo pamodzi, ndipo sitiwerenga kuti chimodzi chinachotsa chinzake. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi umchokere, ndipo sunachoke, koma ntchito yake siinaime. Ndipo chimene chindizizwitsa koposa ndi ichi, kuti Ambuye atauka kwa akufa, m'thupi limene imfa inalibenso mphamvu pa ilo, mabala a misomali analipobe, ndipo ndi iwo Tomasi anamzindikira. Ngati thupi la kuuka lisunga zipsera, ife tatenga kuti chiphunzitso chakuti wochira ndiye amene wakhalanso monga ngati sanavulale? Palibe mmodzi wa anyamata athuwa amene anabwerera kumene anachokera. Papenhuyzen wa 2024 sanali uja wa 2020. Anathamanga ndi mwendo wosokedwa, wodziwa chimene bwalo litha kuchita. Chimene ndichitcha kuchira ndicho ichi, kuti bala laleka kumlamulira munthu: atha kuliyang'ana osanama za ilo, atha kugwira ntchito imene mwendo wotsalawo ulola, ndipo atha kuona wina alikuthamanga pamalo pake popanda kumfunira choipa. Pa muyeso umenewu munthu atha kuchira ali wotsimphina, ndipo atha kukhala wosachira ali ndi mendulo pakhosi.

Yow Yeh ataleka kusewera sanathawe bwalo limene linamthyola. Anakhalabe ndi Brisbane Broncos pa ntchito zina, makamaka za pakati pa achinyamata a mtundu wake, kuwalimbikitsa za sukulu. Ndipo ana amene anamuona m'makalasi mwawo anaona munthu amene anavala malaya a dziko lake ali wa zaka 21, nawavula osafuna, nakhalabe ndi nkhope yoonekera pa anthu. Za Papenhuyzen, pa 5 October 2025 anaseweranso masewera otsiriza a chaka, ndipo Brisbane inapambana ndi 26 kwa 22. Kumapeto kwa mwezi womwewo gulu la Melbourne Storm linalengeza kuti lammasula ku pangano lake, lisanathe chaka chake chotsiriza, pakuti iye anafuna kupuma ku masewerawo ndi kulingalira za moyo wake. Ambiri amene anamuombera m'manja pobwerera anazizwa, ena nadandaula kuti munthu amene analimbana chotero kuti alowenso angatuluke bwanji yekha liwiro likadalipo. Anali wa zaka 27, ndipo ulendo uno anachoka ndi miyendo yake iwiri, popanda womnyamula pa machira.